Mcira wa Cingwe ca Mbedza

Tsiku Loweruka likafika, anthu ambiri a m'tauni ya Kafue amene atha mlungu wonse ali pa nchito amatsikira ku mtsinje ndi ndodo zao za mbedza. Ena amakhala pafupi ndi ulalo wa njanji, uja unamangidwa m'caka ca 1906. Ena amatsata gombe kufikira kumene bango laculuka. Ku Migodi nakonso n'cimodzimodzi, pakuti mtsinje womwewu umayamba wapita pafupi ndi Chingola ndi Kitwe usanatsikire ku madambo ndi ku tauni imene inatenga dzina lace. Ndipo madzulo, anthu onsewa pobwerera kwao, mau amene amamveka kawiri-kawiri ndi amodzi: nsomba inali yaikulu ndithu, koma inadula cingwe.

Nkhani yotere imaseketsa anthu pa mowa, koma siiseketsa mai wa pa nyumba amene anasonkha kale moto akuyembekeza ndiwo. Siiseketsanso mwini wace, amene wataya mbedza ndi nyambo pamodzi ndi tsiku lace lopumula. Tsono munthu akafunsitsa kuti cingweco cinaduka pati, yankho limakhala lomwelo nthawi zambiri: cinaduka kumapeto, pafupi ndi mbedza. Kacigawo kameneka, ka pakati pa cingwe cacikulu ndi mbedza, Azungu amakacha leader. M'nkhani ino kachedwa mcira, pakuti ndiko kamatsalira kumbuyo ndiponso kamanka kaonda monga umacitira mcira. Nsomba zambiri zimapulumukira pa mcira pomwepo, ndipo wodziwa kuumanga amabwerera kunyumba ndi kanthu.

KUWEDZA NDI NYAMBO YA NTHENGA

Nzeru zambiri za kamangidwe ka mcira zinacokera kwa anthu owedza ndi nyambo ya nthenga. Iwo sakolowekapo nyongolotsi pa mbedza. Amamangirirapo nthenga ndi ubweya ndi ulusi, kuti cinthuco cioneke ngati ciwala, kapena kacule, kapena kansomba kakang'ono. Nyambo yotere njopepuka kwambiri, kotero kuti munthu sangathe kuiponya patali payokha. Cifukwa cace amagwiritsa nchito cingwe conenepa ndi colemera, ndipo kulemera kwa cingweco ndiko kumanyamula nyambo kunka nayo pa madzi. Koma cingwe conenepa cotere nsomba zimaciona msanga, ndiponso sicingalowe pa diso la mbedza. Mcira ndiwo umalumikiza ziwirizi: umabisa cingwe cacikulu kwa nsomba, ndipo umatambasula nyambo kuti igwe patsogolo bwino-bwino.

Ku America kuli nsomba yochuka pakati pa owedza otere, dzina lace smallmouth bass. Imakonda mitsinje ya miyala ndi madzi oyera, imadya tinsomba ndi nkhanu, ndipo ikamva mbedza imalimbana koposa msinkhu wace. Nsomba imeneyi si ya m'Kafue ai. Anaibweretsa ku South Africa m'caka ca 1937, ndipo m'mitsinje ina ya ku Cape inatha tinsomba tambiri ta eni dziko. Cimeneci n'cifukwa cimodzi cimene munthu sayenera kusamutsa nsomba kucokera m'madzi ena kukaziika m'madzi ena. Koma m'Kafue muli nsomba ya makhalidwe ofanana nayo, ndiyo nembwe, imene mbale wace wa ku nyanja ya Malawi amachedwa sungwa. Nembwe njokamwa kwakukulu, imabisala pa zitsa ndi m'mphepete mwa bango, ndipo imalumphira kansomba kalikonse kopita pafupi. Yokhwima imatha kupitirira makilogramu 3. Motero mcira umene anthu a ku America amamangira bass wao ndiwo uyeneranso nembwe, ndi kusintha pang'ono pokha.

CIFUKWA CACE MCIRA UMAONDA

Aliyense amene anaona abusa a ng'ombe a ku madambo a Kafue adziwa kapangidwe ka cikoti. Kumene kuli dzanja cimakhala conenepa, ndipo cimanka ciwonda kufikira kunsonga. Mbusa akacikwapula, mphamvu ya dzanja lace imayenda m'cikoti monse nikafika kunsonga, ndiye cimalira. Cikoti cikadakhala coonda cokha-cokha cikadangolendewera. Cikadakhala conenepa cokha-cokha cikadagwa ngati mtengo.

Mcira wa mbedza umagwira nchito mwa njira yomweyo. Munthu akamangirira nailoni yopyapyala yokha-yokha ku cingwe colemera, poponya nailoniyo imaunjikana pamodzi pa madzi, nyambo nigwera pakati pa mulu wa zingwe. Akamangirira yonenepa yokha-yokha, nyambo imamenya madzi ndi phokoso ndipo siiyenda monga camoyo. Mcira wabwino umayamba ndi nailoni yonenepa, nutsatiza yapakati, nutsiriza ndi yopyapyala.

Makolo a luso limeneli ku Ulaya ankapota mcira ndi ubweya wa ku mcira wa kavalo, ndipo pambuyo pace ankagwiritsa nchito ulusi wolimba wotengedwa m'thupi la mbozi za silika, umene unkafunika kuubviika m'madzi usanamangidwe. Nailoni inatulukira m'caka ca 1935, m'manja mwa Wallace Carothers ndi anzace a ku kampani ya DuPont ku America, ndipo zingwe zowedzera za nailoni zinayamba kugulitsidwa mu 1939. Lero nailoni imapezeka m'sitolo ndi pa msika, ndipo wa malipiro ocepa angathe kudzimangira mcira wabwino koposa umene anali nao olemera a masiku ajawo.

MIKONO ISANU

M'masitolo ena muli micira yopangidwa kale ku fakitale, yoonda yokha popanda mfundo. Imeneyo njabwino, koma njokwera mtengo ndiponso siipezeka paliponse. M'mabuku namonso muli miyeso ya micira ya zigawo zisanu ndi ziwiri kapena kuposa. Wofuna nembwe asabvutike nazo zimenezo. Zigawo zitatu zikwana.

Mfalansa wina wodziwa kuwedza, Charles Ritz, anasiya lamulo losabvuta kukumbukira: pa magawo 100 a utali wa mcira, 60 akhale a nailoni yonenepa, 20 a yapakati, ndi 20 a yopyapyala. Wopanda coyesera angathe kugwiritsa nchito mkono wace, kuyambira pa cigongono kufikira kunsonga ya cala, pakuti mkono wa munthu wamkulu umakhala pafupi-fupi masentimita 45. Cigawo coyamba cikhale mikono itatu, caciwiri mkono umodzi, cacitatu mkono umodzi. Yonse pamodzi ndi mikono isanu, ndiyo mamita awiri ndi masentimita 25, kapena pafupi-fupi mafiti asanu ndi awiri ndi theka, ndipo utali umenewu ndiwo owedza bass ambiri amayambira.

Kunenepa kwa nailoni kumalembedwa pa kagudumu kace. Ya cigawo coyamba ikhale ya mamilimita 0.50, ya caciwiri 0.40, ya cacitatu 0.30 kapena kucepera pang'ono. Nailoni ya 0.30 imapirira makilogramu asanu kapena asanu ndi limodzi isanaduke, malinga ndi kampani imene inaipanga. Wina angadabwe kuti bwanji osaika yolimba koposa. Yankho lace n'lakuti ndodo imapindika nithandiza cingwe, ndiponso nsomba m'madzi siilemera monga ilemera pa sikelo. Cimene cimadula nailoni kawiri-kawiri si kulemera kwa nsomba, koma mfundo yoipa, kapena kukhuzika pa citsa.

Pa tigudumu tina pamalembedwa nambala yotsatana ndi cilembo X. Tanthauzo lace n'losabvuta: nambala ikamakula, nailoni imanka ipyapyala. Ya 0X ndi mamilimita 0.28, ya 2X ndi 0.23, ndipo ya 5X kapena 6X njopyapyala ngati tsitsi, yoyenera nsomba zamanyazi zochedwa trout zimene anthu amawedza pamwamba pa phiri la Zomba ku Malawi. Wa ku Kafue akaona 0X kapena 1X, adziwe kuti ndiyo yace.

KUSINTHA MONGA MWA MADZI NDI NYAMBO

Mikono isanu ija ndiyo poyambira, koma mtsinje sukhala cimodzimodzi caka conse. Madzi akayera m'miyezi yopanda mvula, nsomba zimaona patali ndipo zimacenjera. Pamenepo n'kwabwino kuonjeza mkono umodzi ku cigawo cotsiriza, ndi kucepetsa kunenepa kwace kufika 0.25. Madzi akakhala amatope, kapena mphepo ikalimba monga icitira mu July ndi August, mcira waufupi ndi wonenepa ndiwo umaponyeka bwino. Pakati pa zitsa ndi udzu wa m'madzi munthu asacepetse konse, pakuti nembwe ikakodwa imathamangira kubisala, ndipo wowedza ayenera kuibweza msanga isanakulunge cingwe.

Nyambo nayonso iri ndi mau ace. Yaikulu ndi ya nthenga zambiri imagwira mphepo, ndipo pa nailoni yopyapyala imazungulira nipota mcira. Yotere ifuna 0.30 kapena 0.35. Yaing'ono pa nailoni yonenepa imauma khosi, siigwedezeka, ndipo nsomba zimangoiyang'ana. Mpende ndi nsomba zina zokamwa pang'ono zifuna mbedza yaing'ono ndi nsonga ya 0.20 kapena 0.22.

Kuli mtundu winanso wa cingwe wochedwa fluorocarbon, umene unayamba kupangidwira asodzi ku Japan m'caka ca 1971. Suoneka kwambiri m'madzi, supalika msanga pa miyala, ndiponso umamira mofulumira koposa nailoni. Koma mtengo wace ngwaukulu. Wokhala nao auike pa cigawo cotsiriza cokha, ndiponso pa nyambo yomira yokha, cifukwa pa nyambo yoyandama umakokera mutu wa nyamboyo pansi. Wopanda nao asadandaule, pakuti nembwe zinkagwidwa cingwe cimeneci cisanadziwike.

NSOMBA ZA MANO

Pali cinthu cimodzi cimene wowedza m'Kafue ayenera kudziwa, cimene wa ku America sacilingalira. Kumunsi kwa tauni mtsinje umagwera m'cigwa ca miyala ca Kafue Gorge, ndipo mathithi a m'menemo ndiwo malire a nsomba zina. Nsomba yaukali ija Azungu amaicha tiger fish imapezeka kumunsi, kumene Kafue amakathira m'Zambezi pafupi ndi Chirundu, koma kumtunda kwa cigwaco kulibe. Mano ace amadula nailoni iriyonse monga lumo, kotero wopita ku Chirundu ayenera kuika kawaya kopyapyala, kotalika ngati cikhato ca dzanja, pakati pa nsonga ya mcira ndi mbedza.

Kumtunda, pa tauni ndi m'madambo, malo a nsomba imeneyo anatengedwa ndi ina yaitali thupi ndi ya mano osongoka, imene amaicha pike. Imeneyi nayo imadula nsonga yopyapyala. Wopeza kuti nailoni yace yaduka mosalala, ngati yadulidwa ndi mpeni, adziwe kuti yafika ndi pike, ndipo aonjeze kacidutswa ka nailoni ya 0.50 kapena kawaya patsogolo pa mbedza. Koma asaike waya masiku onse pofuna nembwe, cifukwa waya umaumitsa nyambo ndipo m'madzi oyera umacepetsa nsomba zoluma.

MFUNDO ZIWIRI

Mcira sungalimbe kuposa mfundo zace. Mfundo ziwiri zikwanira nchito yonse, ndipo n'kwabwino kudziwa ziwiri bwino-bwino kusiyana ndi kudziwa khumi mwapatali-patali.

Yoyamba njolumikizira nailoni ziwiri. Munthu amagoneka nsonga ziwirizo mopambanitsa, ina kuloza uku ina uko, zitagundana utali wa cikhato. Atagwira zonse ziwiri ngati cingwe cimodzi amapinda kamphete, napisa m'kamphetemo cidutswa cacifupi conse pamodzi ndi nsonga inzace, kawiri kapena katatu. Atatero amanyowetsa mfundoyo ndi malobvu, nakoka nsonga zonse zinai pamodzi pang'ono-pang'ono kufikira itakhazikika. Nailoni ziwiri zosiyana kwambiri kunenepa sizigwirana bwino, ndipo ici n'cifukwa cina cokhalira ndi cigawo capakati.

Yaciwiri njomangira mbedza. Nsonga imapita pa diso la mbedza, nikulungidwa kasanu pa cingwe cace comwe, nibwerera kulowa m'kampata kamene katsala pafupi ndi diso, nilowanso m'kamphete kakakulu kamene kapangika pobwererapo. Imeneyinso inyowetsedwe isanakokedwe. Malobvuwo si mwambo cabe: nailoni youma ikakhuzana pokoka imatentha, ndipo yotentha imafoka pomwepo. Kumutu kwa mcira munthu amapinda kamphete kolimba kolowetsana ndi kamphete ka ku cingwe cacikulu, kuti pofuna kusintha mcira asadule kanthu.

Nailoni yoduka imanena yokha cimene cacitika. Ikabwera ndi nsonga yopotana ngati kamcira ka nkhumba, mfundo ndiyo inamasuka, ndipo mlandu ngwa womanga, si wa nsomba. Ikabwera yokhakhala, inakhuzika pa citsa kapena pa mwala. Palinso timfundo timene timadzimanga tokha pakati pa mcira poponya. Kamodzi kotere kangathe kucotsa pafupi-fupi theka la mphamvu ya nailoni. Cotero wanzeru amapititsa mcira pakati pa zala zace nthawi ndi nthawi, ndipo akamva pokhakhala kapena kamfundo amadula namanganso. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha; mphindi ziwiri zomanganso mfundo n'zocepa poyerekeza ndi mlungu wathunthu wodandaula.

KWA WA NDODO YA NSUNGWI

Ambiri mwa owedza a m'Kafue ndi a ku Migodi alibe ndodo ya nyambo ya nthenga. Ali ndi nsungwi, kapena cingwe ca pamanja, ndi kacitini ka nyongolotsi. Iwonso phunziro la mcira liwakhudza. Cizolowezi ca ambiri ndico kumanga mbedza pa cingwe cacikulu comwe, conenepa kuyambira kumutu kufikira kumapeto. Koma akadaika mkono umodzi kapena iwiri ya nailoni yopyapyala kumapetoko, akadapindula pawiri. Coyamba, nsomba zikadaluma kwambiri, pakuti nyongolotsi ikadagwedezeka mwaufulu. Caciwiri n'cacikulu koposa.

Mbedza ikakodwa pa citsa pansi pa madzi, cingwe cofanana kunenepa cimaduka paliponse, mwina pafupi ndi dzanja, munthu nataya conse. Podziwa zimenezi ambiri amabvula malaya nalowa m'madzi kukakolola mbedza. Mtsinje wa Kafue uli ndi ng'ona ndi mvuu, ndipo m'madzi odekha a m'mbali muli nkhono zofalitsa likodzo. Mcira wopyapyala kumapeto umacotsa ciyeso cimeneci: munthu amangokoka cingwe molunjika, cimaduka pa nsonga, ndipo cotayika ndi mbedza imodzi yokha. Malo ofoka a cingwe ayenera kukhala amene mwini wace wasankha. Palibe mbedza ya mtengo wofanana ndi mwendo wa munthu wodyetsa banja.

KUSUNGA ZIDA NDI KUSUNGA MTSINJE

Nailoni imaonongeka ndi dzuwa. Yosiyidwa pa zenera kapena yopacikidwa pa khonde miyezi yambiri imaoneka yabwino koma imaduka ndi dzanja. Isungidwe m'kacitini kapena m'thumba, pamthunzi, ndipo wogula ayese kukoka kacidutswa asanalipire. Zidutswa zodulidwa zisatayidwe pa gombe, pakuti nailoni siiola msanga, ndipo imakola miyendo ya mbalame za m'madzi. Zibwerere kunyumba m'thumba.

Boma la Zambia limatseka usodzi m'madzi ambiri a dziko, Kafue pamodzi, kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto a February, cifukwa imeneyo ndiyo nyengo imene nsomba zambiri zimaswana. Nembwe yaikazi imasunga mazira ndi ana ace m'kamwa, kotero wogwira imodzi m'miyezi imeneyo wapha zambiri nthawi imodzi. Wofuna kudziwa za cilolezo ndi malamulo ena afunse ku ofesi ya Fisheries ya m'dera lace asanapite ku mtsinje.

Miyezi itatu yotsekayo siyopanda nchito kwa wowedza. Ndiyo nthawi yokhala pa khonde madzulo, mvula iri kugwa, ndi tigudumu titatu ta nailoni, kuyesa mikono itatu, umodzi, ndi umodzi, ndi kuzoloweza zala mfundo ziwiri zija kufikira zitatha kumanga ngakhale kuli cisisira. Micira inai kapena isanu yokulungidwa pa kakatoni ikwanira miyezi yambiri. Ndipo March akafika, wotereyo akadzamva nembwe ikugwedeza ndodo pafupi ndi ulalo wa njanji, sadzafunikanso kufotokoza madzulo kukula kwa nsomba ndi manja opanda kanthu. A m'nyumba mwace adzaiona okha m'mbale.